Ndinapita ku Leicester kukatenga mwana wanga

Ndinaganiza zopita ku Mangalande tsiku limene alamu anga anayamba kuzungulira munda wathu ndi chingwe choyezera. Akazi anga anali atatha chaka m'manda. Kwawoko ku Ntcheu mkamwini alibe nthaka. Nthaka ndi ya mkazi ndi ana ake. Mwana ndili naye mmodzi, Yohane, ndipo anali ku Leicester. Akanabwera kudzaima pamundapo, palibe akanaukhudza. Pafoni ankangoti, "Tiona, bambo." Ndinati ndikamutenga ndekha. Tikiti anagula iye. Munali mu Juni, 2018.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma mwanayo ndinamuphunzitsa ndi kachewere. Ndinkauza anthu kuti amaphunzitsa azungu pa yunivesite. Silinali bodza. Koma ndinamupeza m'zipinda ziwiri za lendi ku Highfields, dera lina la mu Leicester momwemo. Ankakwera sitima kukaphunzitsa ku Nottingham kawiri pa sabata, ntchito yoti chaka chikatha ayambenso kufunsira. Nyumba ankalipira mkazi wake, namwino.

Ndinamufunsa chimene amafufuza. Anandionetsa mapepala a zilembo zachitchaina. Akuti mafumu akale a ku China ankatolera msonkho wa mchere ndi mpunga, ndiye iye akufuna kudziwa ngati zonse zinkafikadi kulikulu.

"Ukapeza kuti zinkathera m'njira, umanga ndani?"

Anaseka. Ine sindinaseke.

Masana ndinkatsala ndekha pawindo. Sabata yoyamba ndinkapereka moni mumsewu, kenaka ndinasiya. Kumudzi ndinkatumiza mawu akuti tikubwera tonse mvula isanagwe.

Za munda ndinamuuza katatu. Kachitatu anati, "Bambo, intavyu ya ntchito yokhazikika ili mu Novembala, buku lomwe ndikulemba nalonso silinathe. Ndikachoka pano, zaka zonsezi zalowa m'madzi."

"Amako agona kumeneko."

"Ndikudziwa, bambo."

Sindinabwerezenso. Kholo siligwadira mwana.

Intavyu anapita, ntchito anapatsa wina. M'mawa mwake ndinamuona atayambanso kulemba makalata ofunsira ntchito, maso ali psu. Ndinabwerera pawindo panga. Viza yanga inatha, anandiperekeza, tinagwirana chanza. Bukulo mpaka lero sindinalione.

Ndinafika kumudzi mu Disembala, chimanga chitamera. Mizere inali yowongoka bwino, koma wounga sanali ine. M'nyumba mwanga munali mdzukulu wa alamu ndi mwamuna wake watsopano. Katundu wanga anali atamumanga bwinobwino m'matumba, osasowa ngakhale supuni.

Palibe anandilalatira. Anandiyalira mphasa pakhonde, nandipatsa madzi akumwa. Alamu anabwera, chipewa chili kumanja. Anafunsa za ndege, za kuzizira, za Yohane. Kenaka anatikita m'manja.

"Ndiye alamu, kwanu ku Balaka mwati mupita liti? Tikuperekezeni."

Pamudzipo ndinakhalapo zaka makumi anayi.