Maluwa a Malipenga Amene Anachotsa Amayi Pakhomo

Mwina muziti ndikupeka, koma zimene ndikulembazi zinachitika pakhomo pathu ku Chiosya ndili Fomu 1, ndipo ndinaziona ndi maso angawa.

Amalume anga, amene amayendetsa thiraki, anandibweretsera kanthambi ka maluwa kuchokera ku Chipata, m'dziko la Zambia. Ndinakabzala pafupi ndi khonde n'kumakathirira ndi madzi otsukira mbale, mpaka kanakula kundiposa msinkhu n'kuyamba kutulutsa maluwa oyera olendewera ngati malipenga ozondoka. Ndani sankaima kuwayamikira? Ngakhale azakhali, alongo awo a abambo, anapempha nthambi.

Koma masamba ake amafanana ndi a fodya, ndipo kwathu munthu akaona tsamba lotero amafuna alilawe. Abambo aakulu, achimwene awo a abambo, chingambwe chawo chitatha anathyola masamba ndi maluwa osauza aliyense, anaumitsa padenga n'kupichira.

Tsiku limene anasuta masambawo, ndikuchokera kusukulu ndinawapeza pabwalo atavula malaya, thupi likutentha, maso ali tong'o, akutola zinthu zosaoneka m'malere. Ankati m'manja mwawo mukutuluka linthumbwi, ndipo nditawapatsa moni anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ine amene anandilera pamiyendo pawo!

Anthu asanaganize n'komwe za chipatala, azakhali anali atayamba kale kukuwa kuti alamu awo, amayi anga, awalodza abambo aakulu, mankhwala a ku Zambia aja agwira ntchito. Paja amayi anabwera pamudzipo pachitengwa, analibe wowaikira kumbuyo. Anagwada n'kumalumbira akulira, koma abambo anangoyang'ana pansi.

Kuchipatala adokotala anafunsa chimene wodwalayo anadya kapena kusuta, ndipo m'thumba la buluku munapezeka zotsalira za masamba aja. Anafotokoza kuti chomeracho n'chapachibale ndi fodya koma chonse n'chapoizoni, moti akanasuta wambiri tikanalira maliro. Abambo aakulu atachira ankangoseka, amvekere fodya wa mwana wa sukuluyu ndi waukali. Kodi alipo anapepesa amayi? Azakhali anangosintha nyimbo, akuti nanga mtengowo unabwera ndi abale a ndani. Anaudula n'kuutentha, koma kumjigo amayi akafika anthu ankachotsa zidebe zawo. Mvula isanagwe amayi anamanga katundu kubwerera kwawo ku Kapondo, ndipo mpaka lero ndimakawaona patchuthi pokha.

Pano ndili Fomu 4, ndikulimbikira kuti ndidzakhale namwino, ndidzawatenge tizikakhala limodzi. Sindikhulupirira kuti panali ufiti. Anthu aja ankawada kale amayi, ankangodikira chifukwa. Inu okonda maluwa, funsani kaye za chimene mukubzala, muchenjeze ana ndi akulu omwe. Ndipo munthu akayamba kubwebweta, thamangirani naye kuchipatala musanaloze chala aliyense, chifukwa wodwala amachira, koma wonamiziridwa sabwereranso pakhomo.