Tepi ya Atelala

Tsiku limene anachenjezedwa komaliza, anali ataima m'bafa, yunifolomu itanyoweratu, tsaya likuyaka ndi mbama.

Anzake ankamutcha Chinjenje, chifukwa manja ake ankanjenjemera ngakhale ponyamula kapu. Mayeso a kusekondale anawalephera kawiri. Bambo wa mwana wake anasowa mimba isanaoneke n'komwe. Khomo lokhalo limene linamutsegukira linali la nyumba yosamalira okalamba odwala matenda oiwalaiwala, ndipo anali adakali pa mwezi woyeserera.

Amene anamuwomba mbamayo anali agogo a m'chipinda chakumapeto, omwe aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Dzina la mwana wawo anali ataliiwala, koma malaya awo sankalola munthu kuwakhudza. Masiku anali atakwana asanu ndi anayi asanasambe.

"Mwana wawo akubwera Lachisanu," anatero Abwana, mayi woyang'anira nyumbayo. "Akadzawapeza akununkha chonchi, ine ndi iwe tisiyana. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Yambiratu kupakira, Chinjenje," mnzake wina anaseka. "Madala amene aja anandiphwanyira magalasi ine. Ndiye iwe?"

Chinjenje ankangochita zimene anaona anzake akuchita: kulowa ndi thawulo, kukuwa kuti "Agogo, tisambe!" n'kuyamba kumasula mabatani. Koma munthu wamantha amakhala ndi maso. Mayi amene amamva kutentha kwa mwana wake asanamugwire, saphonya tinthu ting'onoting'ono. Anakumbukira kuti pomumenya paja, Atelala sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana zala zake pa mabatani. Ndipo pamene anawerama kutola thawulo, agogowo anagwira mpendero wa yunifolomu yake n'kuufikisa ndi chala.

"Wakusokera ndani?" anafunsa. "Ameneyu ndi kalipentala, si telala."

Lachiwiri Chinjenje anabwera ndi tepi yoyezera ya amayi ake, hang'ala ndi malaya osita bwino. Thawulo analisiya panja. Anagogoda.

"Odi, Atelala! Ndabwera ndi ntchito."

Agogo aja anawongoka pampando. "Lowani, mayi. Mukuifuna liti?"

"Lachisanu."

"Nonse mumatero. Imani bwino."

Anamuyeza mapewa, mikono ndi chiuno, akung'ung'udza manambala. Tsiku limenelo sanasambe. Lachitatu anamuyezanso ngati sanamuonepo, ndipo sanasambenso. Chinjenje anapita kwawo mtima uli m'mwamba, nayang'ana mwana wake akusewera pansi, osadziwa ngati sabata yamawa adzakhala akadali pantchito. Koma m'mawa anagogodanso.

"Bambo, achimwene anga akufuna malaya ngati anuwa. Mungandionetse msoko wake wam'kati?"

Atelala anamwetulira monyada. Anamasula okha mabatani, limodzilimodzi, natembenuza malayawo. "Onani apa. Ana a masiku ano angathe zimenezi?"

Iye anawalandira ndi manja awiri n'kuwakoloweka pa hang'ala, pamalo pamene eni ake ankawaona.

"Madzi afunda kale, bambo. Bwanji musambiretu makasitomala asanachuluke?"

"Zoonadi. Telala sayeza anthu akununkha thukuta."

Lachisanu mwana wawo wamkazi anawapeza atakhala pawindo, malaya oyera, tepi ili m'khosi. Sanamuzindikire. Anangomuuza kuti, "Kwezani manja, mayi, ndikuyezeni." Mayiyo anakweza manja, misozi ikutsika.

"Ndili mwana ankandiyeza chonchi chaka chilichonse sukulu ikamatsegulidwa," anatero. "Papita zaka zitatu asanandigwire."

Abwana anatsokomola pakhomo. "Chinjenje, Lolemba ulawirire. Uwaphunzitse anzakowa, kuyambira wa magalasiyu."

Lero Chinjenje ndiye amalandira antchito atsopano panyumbapo. Asanawapatse thawulo amawafunsa funso limodzi: "Agogo amenewa ankagwira ntchito yanji?" Agogo a m'chipinda chachiwiri, omwe anali aphunzitsi, amadya akamaliza kuitana mayina. Ena omwe anali anesi amamwa mankhwala akayamba awerenga okha zolembedwa pabotolo. Manja a Chinjenje amanjenjemerabe, ndipo dzina lija silinachoke.

Inu amene munalephera mayeso, amene mumakhala chete pakona anthu n'kumakuyesani opepera, mantha anuwo mwina ndi amene amakuonetsani zimene ena akuphonya. Pitirizani kuyang'anitsitsa. Akakukanani lero, mawa mukagogodenso. Mtima wanuwo musautaye.