Ekiselo imene ndinaimanga chagada

Ntchito ya umakaniko ndinaipezera pa njinga. Ndinkakonza njinga pansi pa mtengo pa Lirangwe, ndiye tsiku lina a Muhiwa, eni galaja ya kuseri kwa msika, anaima n'kumandiyang'ana ndikuwongola limu. "Manja uli nawo, koma mutu kaya. Ubwere mawa." Anali aukali zedi, ankayamba akugenda kaye ndi sipanala kenako n'kukuuza chimene walakwa.

Mwezi wachitatu kunabwera chigalimoto cha a Makwinja a ku Chileka, chakalekale cha ku America, chazitseko ziwiri, injini yolira ngati chigayo. Ekiselo yakumbuyo, chitsulo chogwira magudumu, inali itathyoka, ndipo ina yotero ukaipeza kuti kuno? A Muhiwa anakagula ya kalole kakang'ono.

Vuto linali limodzi. Pa lole masipuring'i amakhala pamwamba pa ekiselo, pomwe pa galimoto ija amadutsa pansi. Choncho timipando tachitsulo togwira masipuring'i tinali kumwamba. "Utidule ndi gilayinda, utiwotcherere kunsi," anatero a Muhiwa, n'kunyamuka ulendo wa kumaliro ku Chigaru.

Atangochoka, magetsi thimu! Ine ndi nzeru zanga za njinga ndinati kuvutikiranji? Ndinangoitembenuza ekiselo yonseyo chagada, timipando tija basi tapita kunsi. Ndinamanga mabawuti, kulumikiza mapaipi a mabuleki ndi shafiti yozungulitsa magudumu, kuthira oilo. Ndinadziona ngati katswiri, osadziwa kuti ekiselo ukaitembenuza, magudumu amazungulira chobwerera.

M'mawa mwake a Makwinja anafika, anthu a pamsika n'kudzadza kudzaonerera. A Muhiwa, maso ali psuu ndi tulo ta kumaliro, sanalowe kunsi kwa galimoto. Anangofunsa, "Wawotcherera?"

"Eya, bwana." Bodza limenelo limandiwawa mpaka lero.

A Makwinja analiza injini, kulowetsa giya yoyamba, n'kuponda moto modzionetsera. A Muhiwa anali ataima kumbuyo, pakati pa galimoto ndi khoma. Galimoto inalumphira m'mbuyo. Phwaa! Mwendo wawo unathyoka ngati nzimbe, fupa kutulukira pa ovolosi, magazi tsaa pakhoma. A Makwinja pofuna kuwapulumutsa anapondanso moto kuti apite kutsogolo, galimoto n'kuwakanikizanso kachiwiri. Kukuwa kwake, abale, sindinamvepo.

Pomwepo mutu wanga unatseguka, ndinakuwa, "Rivesi! Ikani rivesi!" Anaika, galimoto n'kupita kutsogolo, a Muhiwa khu pansi.

A Makwinja anatuluka atagwira sipanala yomasulira magudumu. "Wadziwa bwanji iwe?" Sanadikire yankho. Anandimenya nayo pakamwa, mano awiri kugwera m'fumbi. Wina anakuwa kuti ndalodza galimoto, ndipo khamu lonse linandigwera, mateche m'nthiti, njerwa pamsana. Nditasuzumira ndinaona munthu akugubuduza tayala, wina akubwera ndi botolo la petulo. Ndinadzikodzera, sindibisa.

"Musiyeni!" Anali a Muhiwa, ali m'magazi awo. "Ameneyo si mfiti, ndi chitsiru. Ndipo chitsirucho ndi changa. Wanyamula tayala iwe, bwera udzanyamule ine."

Anthu anachita manyazi. Tinawakweza m'minibasi, ine nditafinya ntchafu yawo ndi lamba wanga mpaka kuchipatala m'tauni. Mwendo anaudula pansi pa bondo.

Ndinkadziwa kuti ntchito yatha. Koma a Muhiwa atatuluka m'chipatala anandiitanitsa, n'kukhala pa mgolo, ndodo zawo zili pambali. "Gwetsa ekiseloyo. Dula. Wotcherera." Nditamaliza anati, "Usaitsitse pa jeke. Zungulitsa shafiti ndi dzanja, uone kumene magudumu akulowera." Magudumu anazungulira molondola, iwo n'kungogwedeza mutu.

Lero galaja ija ndi yanga, ndipo palibe galimoto yotsika pa jeke ndisanaizungulitse ndi dzanja langa. Chimene sindinachite ndimanena kuti sindinachite, kaya kasitomala atukwane chotani. A Muhiwa ndinagwira nawo ntchito mpaka imfa yawo, ndipo sanandigendenso sipanala ngakhale kamodzi. Bola akanandigenda.