Tambala wa ku Mpingwe ndi Nyemba Zanga

Uthenga unandipeza pa siteji ya minibasi ku Limbe, dzanja ili jumbo ya tomato, dzanja ili foni. Anali mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimakhala naye ku Chirimba.

"Agogo, gemu ija aitenga. Yonse. Sanadule ngakhale pang'ono."

Ine nthungululu pompo. Tomato anagubuduzika, oyitanira minibasi anayamba adukiza kuyitana, mayi wina n'kundifunsa ngati kwathu kwabadwa mwana. Ndinati ayi mayi, kwapulumuka tambala. Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu, ine ndili gwedegwede kuvina ndi bondo langa lopwetekali.

Ndiyambe bwinobwino. Sukulu ndinalekezera panjira, zilembo ndimazitola chimodzichimodzi ngati ndikusankha mpunga. Koma gemu ndiye ndimaimenya. Anandiphunzitsa ndi mdzukulu yemweyo, chaka chimene bondo linandikhazika pansi, iye atangomaliza maphunziro a makompyuta. Anandigwiritsa kachipangizo ka mabatani kamene amati padi, n'kundiyikira gemu yakale pa laputopu yake, ya munthu mmodzi wofunafuna m'bale wake m'tawuni yogumuka. Ndinasochera, ndinabwerera, ndinasocheranso. Ndinayamba mvula yoyamba ikugwa, ndinamaliza tikuwotcha mondokwa. Tsiku limene ndinamupeza m'baleyo ndinalira ngati ngwanga.

Kenako anabwereka yatsopano kwa mnzake. Kukongola kwake musanene, udzu ngati udzu, madzi ngati madzi. Koma kutsogolo kwako kuli muvi wachikasu, ukukulozera uku, ukukulozera uko. Chitseko chikutseguka chokha. Ukangoima pang'ono, mawu akukuuza chochita ngati ndiwe mwana wa mkaka. Loweruka ndinayamba, Lamulungu pochoka kutchalitchi ndinamaliza. Ndinafunsa ngati ina yatsalira kwa mnzakeyo. Anaseka, nati ndi momwe ambiri akuwapangira masiku ano. Mphamvu zonse amaziika kumene anthu amasewera chigulu pa intaneti, ife osewera tokha amangotinyambititsa. Anati akudandaula ndi ambiri, si ine ndekha.

Nthawi imeneyo n'kuti iye akupanga yake. Ya mayi wa ku Mbayani amene wapatsidwa tambala wa chinkhoswe kuti akamufikitse ku Mpingwe mwambo usanayambe. Tambalayo ndi wamwano, amapulumuka, amalowa pansi pa mabenchi a mumsika, amakwera minibasi yolakwika. Panali kampani ina yakunja imene imasankha magemu a achinyamata n'kuwafalitsa. Anawatumizira. Anayankha kuti tambala amukonda, koma gemuyo yatalika ndipo anthu akusochera. Akonze, atumizenso, ndipo mwayi ndi umodzi womwewo.

Mwana anadula. Anadula msika wa Limbe, anadula mlatho, anadula mvula, n'kuikamo muvi. Atatha anandipatsa padi kuti ndiyese.

Ine wotchi sindidalira. Ndinatereka nyemba pa mbaula, ndinakhala pansi. Muvi uku, ine uko. Muvi uko, ine uku. Tambala ndinamufikitsa ku Mpingwe, ndinadzuka, ndinakabudula nyemba imodzi ndi chala. Gwa, ngati mwala.

Ndinamuuza kuti gemu yotha nyemba zisanafewe si gemu, ndi kulawa. Anakwiya, misozi ili lengelenge. Anati nanga atani, poti akapanda muvi anthu asochera, akasochera amukana, akamukana zaka ziwiri zapita m'madzi. Chakudya tsiku limenelo sanachikhudze.

M'mawa ndinamanga bondo ndi kansalu, ndinamuuza kuti foni aike m'chikwama, tikuyenda ulendo wa tambala ndi miyendo yathu. Ine zikwangwani sindiwerenga msanga, koma m'Blantyre muno sindinagonepo panjira. Ndimamvera oyitanira, ndimayang'ana phiri, ndimafunsa anthu.

Tinayambira ku Mbayani, m'tinjira ta pakati pa nyumba, owotcherera zitsulo ali pa ntchito, moto ukuthetheka uku ndi uku. Ndinamusiya atsogole. Sipanatalike, tinatulukira pa chigayo chomwe tinadutsa kale. Anapita kwa mayi wina wogulitsa makala, n'kungoti msewu wa m'tawuni uli kuti. Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kuthira makala m'timajumbo, kenako anati:

"Kwanuko anthu sadzuka?"

Mwana anachita manyazi mpaka m'makutu. Ndinafika ine, ndinapinda bondo labwinoli, ndinati mwadzuka bwanji mayi, ana adzuka bwanji, malonda akuyenda? Njira inatseguka. Anatiuza pokhotera, anatiuza pamene pali galu wolusa, anatiuza kuti mlatho wamatabwa uja tiusiye, tidzere kumtunda. Anatiperekeza mpaka pa mtengo wa mapeyala.

Ku Limbe zinali chimodzimodzi. Bambo wa sitolo ya nsalu, mmwenye wa imvi, titamupatsa moni anatuluka panja n'kutilozera ndi mkono wonse. Tinayenda mpaka tinafika pansi pa phiri la Mpingwe. Ndiye mdzukulu anaima n'kunena kuti, "Agogo, muvi wathu ndi moni."

Anachotsa muvi. Anabwezera msika, anabwezera mlatho, anabwezera mvula. M'malo mwake anadzazamo anthu: wamakala, wansalu, kondakitala, mayi wa zitumbuwa. Batani lina ndi la moni, lina ndi lofunsira. Ukafunsa usanapereke moni amakuyang'ana chabe, tambala n'kumapita. Ukapereka moni amakulozera, ndipo ukadzabweranso amakukumbukira. Mawu a wamakala ndinalankhula ndine, anandijambula kasanu chifukwa ndinkangoseka.

Ndinaterekanso nyemba. Zinafewa ndili ku Mbayani. Zinapsa ndili m'tawuni. Zinapserera ndikuthamangitsa tambala kuseri kwa minibasi, mpaka aneba anagogoda kuti kukununkha. Poto ameneyo ndinamukwecha ndikuimba.

Anatumiza. Kudikira kwake kunali kowawa. Mwana anaonda, foni ikangolira walumpha, ine mumtima ndikuti ngati amukana ndiye kuti ndamuphera ntchito ndine ndi nyemba zanga. Ndinapemphera m'tchalitchi, ndinapemphera m'bafa. Mpaka tsiku lija la tomato. Akuti a kampani aja analemba kuti anasochera ndithu, koma sanafune kusiya, ndipo wina wa iwo tsopano akupereka moni kwa mlonda wa kuofesi kwawo.

Loweruka lotsatira pakhomo panga panadzaza. Laputopu tinaiika pa tebulo pakhonde, padi ikuyenda dzanja ndi dzanja. Akulu a mpingo, amene amatidzudzula za ulemu sabata ndi sabata, anaiwala moni katatu, tambala n'kuwathawira ku Ndirande. Anati batani ndi lolimba. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa.

Anabwera amayi ake a mwanayo kuchokera ku Bangwe, ndi amuna awo. Anabwera amalume ake a ku ofesi, tayi ili pakhosi. Anabwera achemwali anga a ku Chilomoni ndi mpongozi wawo, anabwera amayi a chigwirizano asanu ndi mmodzi, anabwera mnzake wobwereketsa gemu uja. Anabwera aneba ogogoda za nyemba, anabwera atelala a pakona, anabwera akulu a mpingo ndi akunyumba kwawo. Bambo wansalu anatumiza chitenje. Ndipo pomalizira, atavala duku latsopano, m'manja muli tambala wamoyo, anafika mayi wamakala wa ku Mbayani, n'kuyamba wapereka moni kwa aliyense.