Nkhunzi ya a Dyton

A Dyton Ngozo a ku Mlangeni anali mlimi wamba wa kachewere. Chimene chinkawadziwitsa kwa anthu ndi nkhunzi yawo yakuda, yalinunda lalikulu, imene ankaitcha Sajeni. Anthu ankachokera mpaka ku Biriwiri akukusa ng'ombe zazikazi kuti zidzakweredwe, ndipo a Dyton sankabweza munthu. Ankangopempha kuti thole likabadwa adzawauze, akalione.

Kenaka ng'ombe za m'deralo zinayamba kupoloza. Ena ankati ndi mankhwala opopera m'madimba, ena ankanong'ona za ufiti. Nthawi yomweyo akazi awo a Dyton, mayi Rute, anayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'mawondo, koma kuchipatala malungo sankapezeka.

Mlangizi watsopano wa ziweto, mayi Veronica, anafika pa njinga yamoto ndi tizipangizo tonga toyezera malungo. Anafotokoza kuti akadonthezapo magazi a ng'ombe, mizere iwiri ikaoneka ndiye kuti matenda opolozetsa alimo. Alimi ambiri anakana, poopa kulandidwa ziweto. A Dyton ndiwo anawalimbitsa mtima, ndipo anatsogoza Sajeni kuti ena aonerepo.

Mizere inatuluka iwiri, anthu onse akuona.

"Bambo, nkhunzi yanu ikuoneka yathanzi, koma matenda ili nawo," anatero mlangiziyo motsitsa mawu. "Iyenera kuti yakhala ikupatsira zinzake."

A Dyton anafunsa ngati pali jekeseni. Anawayankha kuti palibe, nkhunziyo iyenera kuphedwa. Zazikazi zawo ziwiri zinapezekanso nawo, ndipo mlangizi atamva za mayi Rute anati abwererenso kuchipatala, akanene kuti amamwa mkaka wosaphitsa, poti matendawa amagwiranso anthu kudzera mu mkaka.

Tsiku lopha ng'ombezo a Dyton anagwira chingwe okha, chifukwa Sajeni sankalola munthu wina kumuyandikira. Anamusisita pamphumi mpaka anagwada. Zitatha anakasamba m'manja kumjigo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Palibe anawatukwana. Anthu anangosiya kupatukira pakhomo pawo. A Kizito, mnzawo wa kutchalitchi amene ng'ombe zake zonse zinapoloza, anayamba kudzera njira ya kuseri kwa sukulu. A Dyton atapita kukapepesa, a Kizito anawapatsa mpando n'kuwamvetsera, kenaka n'kungoti, "Tamva, bambo. Inunso simunadziwe." Sanawaperekeze.

Masiku ano ng'ombe ya m'deralo ikafuna yamphongo, mwini wake amaimbira foni mayi Veronica, amene amabwera ndi mbewu ya nkhunzi zoyezedwa m'chigubu chozizira. Mathole akubadwa amoyo, ambiri amawanga. A Dyton amavomereza kuti njirayo ndi yabwino, koma iwo ng'ombe sanawetenso.

Mayi Rute analandira mankhwala, kutentha thupi kunatha, koma mawondo sanabwerere mwakale. Kudimba sapitanso. A Dyton anagwetsa mbali imodzi ya khola n'kubzalamo kabichi, kuti azithirira ali pafupi, mayiwo akaitana amve.