Mahang'ala Pabwalo la Basiketibolo

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu, chifukwa pali anthu amati ine ndimawonjezera mchere. Yoyamba ndi mphunzitsi amene ankaimbira mpirawo, munthu wa tchalitchi, anabwerera kwawo ku Mongu. Yachiwiri ndi mayi wa zitumbuwa pageti la sukulu, maso ofooka koma makutu omva nyerere ikutsokomola. Yachitatu ndi mkazi wanga. Iye sanapezekepo, koma nkhaniyi waimva kambirimbiri moti ndikalakwitsa amandikonza.

Zaka zimenezo mafakitale a mu Livingstone anali akutsekedwa, tonse tinasanduka amalonda. Ine ndinkagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Maramba. Tsiku lina nditadula waya wa belo munatuluka majezi a basiketibolo ofiira, a timu yonse. Ndinayesa imodzi, mkazi wanga n'kufunsa ngati ndalowa kwaya ya amayi.

Anawatenga mkulu wina wa Chibemba wokhala ku Nottie Broadie, mwini sitolo ya misomali ndi simenti. Anali ndi timu ya anyamata yotchedwa dzina la sitoloyo. Anangowanyamula onse n'kuponya m'galimoto.

"Nanga ndalama, mudala?"

"Mbuya, uzachita nazo chani ndalama? Mbeba ni za mahala mu sanga."

Apa ndifotokoze, pakuti ankatanthauza kuti mbewa n'zaulere kutchire. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timatukwanana, timalandana zinthu, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ngakhale pamaliro. Lamulo lake ndi limodzi, wokwiya ndiye wagonja. Tsono mungalonjerere bwanji ngongole kwa munthu amene mwambo sukulolani kumukwiyira? Chonsecho ndalamazo ndizo zogulira belo lina. Benchi langa linatsala ndi tayi mmodzi ndi nsapato ya kumanzere, ndipo anzanga anali atayamba kale kuliyeza ndi maso.

Ndinapita kusitolo kwake n'kumutchulira anyani onse a ku Mathithi kuti ndi ndiwo zake. Anaseka mpaka misozi, n'kundibwereka ya basi.

Nzeru ndinakaipeza ku Dambwa North, m'kachisakasa ka vidiyo komwe pakati pa mafilimu a karate ankaika matepi a basiketibolo ya ku Amereka. Anzanga ankaonera anthu akuuluka. Ine ndinkaonera milomo. Panali kamunthu kena kakafupi kamene kankamatirira chimphona n'kumachinong'oneza m'khutu. Mawuwo sankamveka, koma chimphona chija chinayamba kuphonya, kenako chinaponya chibakera, woimbira n'kuchitulutsa. Kamunthu kaja kanangokweza manja ngati kakupemphera. Ndinalipiranso kuti abwezeretse tepi. Ndinaona kuti sikakuwa, sikatukwana chisawawa, kamasankha pomwe pali chilonda. Ndinaonanso kuti woimbira saona woyamba, amaona wobwezera.

Chilonda cha mbuya wanga sichinali anyani. Chinali chakuti Loweruka ankakhala pampando wa pulasitiki m'mbali mwa bwalo, miyendo pamwamba pa inzake, tauni yonse ikuona dzina la sitolo yake likuthamanga.

Loweruka ndinavala tayi wotsala uja, n'kupita kubwalo la kuseri kwa sukulu nditanyamula mahang'ala. Sindinalankhule ndi munthu aliyense. Ndinkalankhula ndi majezi. Mnyamata akagwa ndinkafuula, "Mayo, katundu wanga!" Akagoletsa ndinkaomba m'manja, "Jezi yanga yagoletsa!" Wina akakoka mnzake, "Ba lefa, uyo ang'amba nkhongole!"

Timu ya mbuyayo inali ndi mnyamata wa Chilozi, wamtali moti mvula inkamuyamba iye ife n'kuimva mawa lake. Atampatsa mpira woponya yekha, bwalo lonse lili zii, ndinayandikira mzere n'kunena motsitsa:

"Mwana wanga, kweza manja pang'ono chabe. Mu khwapa simunalipilidwe."

Mpirawo unadutsa pamwamba pa thabwa, pamwamba pa mpanda, ndipo ndikulumbira unakagwera ku Zimbabwe. Anaubweza Lolemba.

Mbuya ananyamuka pampando.

"Iwe, pano si pa maliketi."

"Niziba, mudala. Nabwela chabe kuona ngati muwasunga bwino ana anga."

Anthu anali akumuyang'ana. Anayenera kuseka, ndipo anasekadi, koma kuseka kwake kunamveka ngati chitseko cha dzimbiri.

Loweruka lotsatira sindinavutikenso kukuwa. Wa jezi yofiira akangogwa, bwalo lonse linkayankha pamodzi, "Katundu wanga!" Mayi wa zitumbuwa ndiye ankatsogolera. Ine ndinangoima pansi pa golo, mahang'ala akulira m'mphepo. Kumapeto, matimu akusiyana pang'ono, kaputeni wawo anadutsa pafupi nane, ndipo ndinamufunsa mwaulemu ngati jeziyo amaichapa ndi madzi ozizira. Anandigenda ndi mpira pachifuwa. Mpaka lero mvula ikamabwera pamatuluka zilembo za mpirawo.

Sindinabwezere. Ndinakweza manja monga ndinaonera pa tepi. Mphunzitsi analiza wezulo n'kumulozera kunja. Akutuluka ndinamupatsa hang'ala.

"Ngati wasiliza, pachika apa."

A majezi ofiira anagonja. Mpando wa pulasitiki unapita kugalimoto mpira usanathe, mwini wake ataukumbatira.

Ndikutuluka pageti, mkulu wa timu yopambana anandigwira mkono n'kuti m'belo mukadzatuluka majezi a buluu ndimusungire, alipiriratu. Wina anafunsa ngati ndimapezanso nsapato zake. Anthu amene ankadutsa benchi langa chaka chonse osaliona tsopano ankadziwa mzere wake. Ndiye amene amati malonda safuna pakamwa akafunse amene anagwa nawo. Koma pakamwapo pamafuna muyeso. Ukatukwana munthu, amakutukwananso, mwalingana. Ine sindinatchule mayi wa munthu, kapena kunena bodza ngakhale limodzi. Ndinangonena zoona pamalo pomwe zinkamveka bwino.

Ndinamva pambuyo pake kuti anyamatawo anavula majezi n'kuwaunjika pakauntala pa sitolo, ati savalanso mpaka mdala wa mahang'ala alipidwe, kuli bwino asewere ndi mabulangete.

Lolemba m'mawa ndinaona mutu ukuyenda pamwamba pa madenga a msika. Anali wa Chilozi uja. Anawerama kuti alowe mumzere wathu, n'kuomba m'manja mwa kwawo.

"Ba tate, ba bosi bakuti Chibelu, tsiku la mpila, mukapumuleko ku nyumba."

"Bakuti chabe?"

Anaika pabenchi kapepala ka khaki kokulungira misomali. Ndinatsegula anzanga onse atatambasula makosi. Ndalama zinali zokwana. Pansi pake panatsalira misomali iwiri, ndipo imeneyo sindinabweze.