Chisoti Chimene a Daka Anatsuka

A Evaristo Daka anabadwira ku Wusakile, komboni ya anthu a mumgodi, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Atate awo anachoka ku Chadiza kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo iwonso atakula analowa pansi pomwepo. Kwa zaka 27 ankakonza mapampu otulutsa madzi mumgodi. Mu 2019 kampani itachepetsa antchito, dzina lawo linapezeka pa mndandanda.

Kukhala pakhomo kunawakanika. Anakonza mpopi, anakonza geti, mpaka anamasula wailesi imene inalibe vuto lililonse. Akazi awo a Juliana, amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Chisokone, anatopa nazo.

"Atate ake Lillian, kapezeni chochita kunja kwa mpanda uno," anatero a Juliana. "Kwatsala pang'ono kuti mundiphwasulire ayironi."

Ndi mmene a Daka, ali ndi zaka 56, analembetsera maphunziro a kasungidwe ka mafaelo pa kakoleji kena m'tauni. Pomaliza, wophunzira aliyense ankayenera kuchita atachimenti, kukagwira ntchito miyezi itatu kuti aphunzire ndi manja. M'maofesi amene anagogoda, anthu ankayang'ana imvi zawo n'kufunsa ngati akufunsira mwana wawo. Amene anawalandira ndi kamyuziyamu ka ku Kamitondo, nyumba ya zipinda zitatu yosungiramo zinthu zakale za anthu a kumigodi.

Woyang'anira malowo anali Lorna Chileshe, msinkhu umodzi ndi mwana wawo woyamba. A Daka ankamutchula kuti Madamu.

"Ba Daka, pano ntchito yaikulu ndi kulemba," anawauza tsiku loyamba. "Chinthu chilichonse chili ndi khadi lake, ndipo musachigwire opanda magolovesi."

Sabata yachiwiri Lorna anapita kumsonkhano ku Ndola. A Daka anatsala akumasula mabokosi, ndipo m'bokosi lina anapezamo chisoti cha mumgodi, chabii ndi fumbi ndi girizi. Mtima sunawalole kuchisiya chotero. Anatenga sopo ndi bulashi ya waya n'kuchipala mpaka chinawala, kenako anachiika patebulo la Madamu.

Lorna atabwera anachiyang'ana, kenako anakhala pansi.

"Apa panali nambala ya penti yofiira," anatero motsitsa mawu. "Amene anabweretsa chisotichi sanasiye dzina. Nambala ija ndiyo ikanatiuza mwini wake."

Akanawakalipira bwenzi zili bwinoko. A Daka anaima manja ali kumbuyo, manyazi atawagwira. Koma munthu wa mumgodi saiwala nambala, pakuti ndiyo ankaitanidwa nayo tsiku ndi tsiku. Anali ataiwerenga asanayambe kupala.

"Inali 4417, Madamu. Mundipatse masiku, ndikamupeza."

Loweruka lililonse anayamba kuyenda wapansi m'Wusakile, kufunsa madoda amene amasewera dirafuti pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Ena ankangopukusa mitu, ena ankayamba nkhani zawozawo. Loweruka lachitatu, a Zacharia Sakala, mkulu wa zaka zoposa 80, anasiya kusewera n'kukanda chibwano.

"Imeneyo ndi ya Osward Njobvu wa ku Katete. Tinalowa ntchito tsiku limodzi, ine yanga inali 4418. Anamwalira kale, koma akazi ake alipo, akukhala ndi mdzukulu wawo ku Kamitondo."

Nyumbayo inali misewu inayi yokha kuchokera pa myuziyamu. A Daka ndi Lorna anapitako atanyamula chisoti m'bokosi. A Jenala Njobvu, akazi a malemu Osward, anachilandira ndi manja awiri, anachitembenuza, chala chawo n'kuima pamalo pena pofwaphika.

"N'chawo ichi," anatero. "Mwala unawagwera apa mu 1974. Anafika pakhomo akuseka, ine n'kumalira. Iwo atamwalira, mwana wathu anachitenga, sindinadziwe kumene anapita nacho. Koma wachitsuka ndani?"

A Daka anaweramitsa mutu. "Ndine, amayi. Ndinalakwa."

A Jenala anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, ine zaka zonse zija ndinkalakalaka kuchitsuka, iwo n'kumakana. Ankati fumbilo ndi lawo, analivutikira."

Tsiku limenelo a Jenala analankhula maola awiri, Lorna akujambula mawu pafoni. Anasimba za ulendo wawo wa pa lole kuchokera ku Katete ali mkwatibwi, za kwaya ya mpingo wa Reformed imene amuna awo ankaimbamo besi, ndi mmene azimayi ankasiyira chilichonse n'kuthamangira kugeti la mgodi akamva kuti pansi pachitika ngozi.

Khadi la chisoticho analemba ndi a Daka. Atamaliza, Lorna anawauza kuti aonjezere mzere umodzi, chifukwa zimene zachitikira chinthu zimalembedwa zonse. Analemba ndi dzanja lawo: "Nambala inafufutika pamene E. Daka anachitsuka mosadziwa, 2023." Sanadandaule. Amaonetsa okha mzerewo kwa alendo.

Miyezi itatu itatha, malo a ntchito panalibe, ndipo Lorna anawauza zoona. A Daka anatenga satifiketi yawo, koma Lachitatu lotsatira anapezeka pakhomo la myuziyamu nthawi ya 8 koloko, atavala shati yosita. Mpaka lero amabwera kawiri pa sabata. Amaonetsa ana asukulu zinthu m'Chibemba, koma nkhani ikawakoma amangozindikira akulankhula Chinyanja, ana n'kumaseka.

Masiku enawo amayenda m'makomo ndi kope, kufunsa mayina a anthu a pa zithunzi zakale. Pano akulimbana ndi chithunzi cha timu ya mpira ya anyamata a mumgodi cha 1968. Osewera khumi awapeza. Watsala goloboyi, amene ena akuti anali wa ku Petauke, ena akuti wa ku Mansa. Amva kuti mlongo wake akukhala ku Kansenshi, mumzinda wa Ndola, ndipo Loweruka likudzali akwera minibasi ya ku Ndola kukafunsa.